Phazi Pansi pa Mtsitsa

Zaka sindinaziwerenge. Anthu ena moyo wawo amaukumbukira ndi maina a ana, ena ndi njala zimene anapulumuka. Ine ndimaukumbukira ndi zitunda. Mukandifunsa kuti ndinakwatira liti, ndikuuzani kuti kunali kuseri kwa chitunda chofiira cha makona atatu. Mukafunsa kuti mkaziyo anachoka liti, ndinena kuti potsetsereka pake.

Chitunda choyamba ndi chakwathu. Chimayambira pamlatho, n'kukwera mokhotakhota mpaka pamwamba pomwe pankakhala amayi ogulitsa nthochi. Mudzi wathu uli pakatikati, pakona yaikulu, pamene msewu umapumira pang'ono usanaimirirenso. Anthu anachitcha Mtsitsa, chifukwa chinkatsitsa aliyense. Aphunzitsi ankatsika. Mesenjala wa kuboma ankatsika. Abusa ankatsika n'kumakankha, Baibulo lili pakaliyala, milomo ikuyenda, ndipo sindikhulupirira kuti anali mapemphero.

Njinga anandiphunzitsa ndi amalume anga, a Sandalamu. Amayi atamwalira ndiwo anatilera, ine ndi achemwali anga a Dolika. Anali munthu wowonda, wa miyendo ngati mitengo ya chinangwa, ndipo njinga yawo inali yakuda, yolemera ngati thole.

"Iwe," ankatero, "chitunda sachiyang'ana kumaso. Ndi apongozi. Umayang'ana tayala lakutsogolo basi."

"Nanga inu amalume, bwanji mumatsika pakona?"

"Pakona ndi pakhomo panga. Ukufuna ndizipitirira nyumba yanga ngati mkamwini wothawa khasu?"

"Ndiye mukadapanda kukhala pano mukadafika pamwamba?"

"Kafunse njingayo."

Panalinso chinthu china chimene sanachitche phunziro, chifukwa ngakhale mwana ankachidziwa. Pakagwa maliro anthu amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, zina kumunsi kwa siwa, zina kumtunda kwake. Wapanjinga akaona masambawo amatsika, kuvula chipewa, n'kuyenda wapansi mpaka atadutsa masamba achiwiri. Safunsa kuti wamwalira ndani. Phazi pansi kaye, mafunso pambuyo.

Nditakula, amalume anandipatsa njinga ija. Chaka china ndinakhala kuchigwa miyezi iwiri ndikututa mpunga wa anthu, matumba awiriawiri, kuchoka kumadimba kupita kuchigayo. Miyendo yanga inasanduka miyala. Tsiku lobwerera kwathu pakaliyala panalibe kanthu, mphepo inali kumbuyo, ndipo nditafika pamlatho ndinadziuza kuti lero Mtsitsa sanditsitsa.

Kona yoyamba ndinaidutsa nditakhala pachishalo. Yachiwiri nditaimirira. Mpweya unkalowa ngati ndikumeza mchenga, koma miyendo inkangozungulira yokha ngati ya munthu wina. Ndinayang'ana tayala lakutsogolo monga anandiphunzitsira. Ndiye pansi pa tayalalo panalowa masamba a mango, aawisi, ongothyola kumene.

Ndinawaona. Izi ndiyenera kuzinena bwino, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkauza anthu, ndi ine ndemwe, kuti sindinawaone. Ndinawaona, ndipo ndinaganiza kuti wafayo wafa, mawa adzakhalabe wakufa, koma miyendo iyi mawa sidzakhalapo. Nyimbo ya amayi imene inkamveka kumanja inaduka pakati pa mawu. Kumanzere ndinamva abambo akusuntha pamene anakhala. Wina anatchula dzina langa, kamodzi kokha, mosakweza mawu. Anali a Dolika. Ndinaponda masamba achiwiri n'kupitirira.

Pamwamba ndinapeza a Nagama atakhala okha ndi lichero la nthochi.

"Mwafika osatsika?"

"Osatsika, mayi."

"Eee. Ndiye akutumani chiyani kuno? Misomali ya bokosi?"

"Bokosi la yani?"

Anathyola nthochi imodzi n'kundipatsira ndi manja awiri.

"A Sandalamu atisiya dzulo, mwananga. Ndimayesa mukuchokera komweko."

Kuchokera pamwambapo mudzi unkaoneka wonse, anthu ngati nyerere pa chigaza cha mango. Kutsetsereka kukafika pakona kukanatenga nthawi yochepa kuposa kusenda nthochi ija. Ndinatembenuza njinga n'kutsetserekera mbali inayo. Kutsetsereka sikufuna nzeru.

Ndinakapezeka m'mudzi wa anthu otcha makala. Kumeneko mapiri anali ometedwa mbali imodzi ngati mutu wa mwana wa chipere. Mkulu wina, a Likongwe, anandiphunzitsa kumanga katundu: matumba awiri chopingasa, lachitatu pamwamba, ndodo ziwiri m'mbali.

"Katundu samangidwa ndi chingwe, mphwanga. Amamangidwa ndi maso. Chingwe chimangovomereza."

Anthu amakala amakankha chitunda chilichonse ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Tinkanyamuka mbandakucha, amuna asanu ndi awiri pamzere, phewa pa thumba, kukankha mpaka kutauni, n'kubwerera masana njinga zili zopepuka. Tsiku lina pobwerera tinapeza masamba pamsewu. Anzanga anatsika onse ngati munthu mmodzi. Ine ndinakhotetsa njinga mozungulira, phazi osagunda pansi, n'kubwerera kumene tinkachokera. Ndinakazungulira njira ya kudambo, ndipo ndinafika dzuwa litapendeka.

"Unali ndi mlandu ndi malemuwo?" anafunsa a Likongwe.

"Sindikuwadziwa n'komwe."

"Nanga?"

Kutsikira munthu wosamudziwa pamene amalume sindinawatsikire, ndinkaona ngati kupatsa mlendo mbale ya mwini nyumba. Choncho paliponse pamene ndinkakumana ndi masamba ndinkatembenuka. Njira zambiri zimene ndikuzidziwa, zodutsa m'minda, zolambalala mapiri, zowoloka mitsinje pamiyala, ndinazidziwa chifukwa cha maliro a anthu ena. Anthu anayamba kundifunsa njira ngati ndine mapu. Ankati ndine wodziwa dziko.

Kenako ndinali m'tauni ina ya pakati pa minda ya tiyi, kumene zitunda n'zazifupi koma zambiri, ngati mizere ya m'munda wa chimphona. Pansi pa mtengo wa mkuyu pankakhala a Matewere, okonza njinga, munthu wa diso limodzi. Anandiphunzitsa kumata chubu, kufupikitsa tcheni, ndipo pomaliza, ataona kuti sindiba masipanala, kuwongola gudumu.

"Likakhotera kumanzere sulimenya kumanzere. Umamasula uku, n'kumanga uko. Sipoko imene ikulira si imene yalakwa."

"Ndiye yolakwayo mumaidziwa bwanji?"

"Ndi imene yangokhala chete."

M'tauni imeneyo ndinakwatira Esinati, wothyola tiyi, mkazi woseka ndi mapewa. Tinakhala bwino nyengo zingapo zamvula. Tsiku lina uthenga unabwera kuti bambo ake atisiya. Iye anatsogola pa lole, ine ndinatsatira panjinga. Nditayandikira mudzi wawo ndinapeza masamba, monga aliyense akanayembekezera. Ndinatembenuka. Ndinakazungulira kuseri kwa phiri kuti ndikalowere njira ya kumunda, kumene kulibe msewu woyalapo nthambi, ndipo ndinafika adzukulu akutsuka makasu.

Esinati sanakalipe. Anandipeza kuseri kwa nkhokwe n'kuima patali pang'ono.

"Njinga yanuyi, bambo, ili ndi mabuleki?"

"Ili nawo."

"Ndimayesa ilibe."

Sanabwerenso kutauni. Ndikanatha kusiya njinga kunyumba n'kupita kumaliroko wapansi ngati munthu. Nzeru imeneyi inandifikira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndili m'sitima.

Njinga ya amalume ndinaigulitsa pachipata cha dziko. Wogulayo anaigwedeza n'kunena kuti ndi yolemera. Ndinati inde. Ndinadutsa dziko la migodi, kumene kulibe zitunda koma milu ya dothi lochokera pansi, kenako ndinawoloka nyanja yamchere n'kufika kudziko lozizira. Kumeneko ndinapeza ntchito m'shopu yokonza njinga, kwa mzungu wina wokalamba amene dzina langa linamukanika mpaka tsiku limene anamwalira. Ankakonda magudumu anga. Ankati ndili ndi makutu m'zala.

Anthu akumeneko amakwera mapiri Lamulungu, atavala zothina, osanyamula kanthu. Akafika pamwamba amamwa khofi n'kutsetsereka njira yomweyo. Poyamba ndinkayang'ana kumbuyo kwa njinga zawo kuti katundu wagwera pati. Chitunda chilichonse anachiyeza, kutalika kwake, kupendekeka kwake, n'kuchilembera manambala pachikwangwani ngati mwana wa kusikelo. Analembanso mabuku, mashelefu athunthu, onena za amuna amene anazunzika pamapiri. Ndinawawerenga onse m'miyezi ya chisanu, amene ndinkawamva ndi amene sindinkawamva. Ndi mabuku abwino. Mulibe thumba la makala ngakhale limodzi.

Anapanganso nsapato zokolekera ku pedulo, kuti phazi lisachoke ngakhale litafuna. Kuti ulimasule umapotoza chidendene, ndiye zimalira kuti thwa. Nditaziona koyamba ndinadziwa kuti nsapatozi anandisokera ine.

Ndinayamba kukwera nawo. Lamulungu lina, pachitunda chachitali cha m'nkhalango ya paini, tinapeza galimoto yakuda ya maliro ikuyenda pang'onopang'ono, magalimoto anayi akuitsatira. Anzanga anaipitirira mmodzimmodzi, mitu ili pansi, akuyang'ana tinambala ta pachiwongolero. Palibe anatsika, palibe anavula chipewa, ndipo a m'magalimotowo sanatembenuke n'komwe. Ndinati, apa ndiye ndafika kwa abale anga.

Ndinkawasiya m'mbuyo ambiri a iwo, ngakhale imvi zitayamba. Pamwamba ankandifunsa akupuma wefuwefu kuti ndinaphunzira kuti.

"Kwa amalume."

"Akadali moyo?"

"Ndinawasiya pakona."

Ankaseka, poyesa kuti ndi nthabwala ya mpikisano.

Kwathu ndinkakusowa m'njira zopusa. Osati anthu; anthu ndinkawaopa. Ndinkasowa fumbi lolowa m'mano, belu la njinga likulira kuseri kwa chimanga, fungo la labala wotentha pamene a Matewere akumata chubu. Kalata sindinalembe. Ndinayamba zingapo, zonse ndi mawu akuti "Achemwali", ndipo zonse zinathera pomwepo.

Tsiku lina dokotala wina amene ndinkamukonzera njinga anabwera khungu litapsa ndi dzuwa. Anati anali kudziko lakwathu, ndipo anandionetsa pafoni mapu a zitunda zimene anakwera. Chimodzi chinali mzere wofiira woyambira pamlatho. Ndinazindikira kona yachitatu ngati mmene umazindikirira chipsera cha pabondo pako. Anachipatsa dzina lina, m'chiyankhulo chawo, lotanthauza khoma la nthochi. Pansi pake panali maina a amene anachikwera mofulumira, ndi mphindi zawo. Ndinawerenga mpaka kumapeto. Panalibe dzina lakwathu.

"Pakati pali mudzi," anatero. "Anthu ake ndi ansangala. Kupatula gogo wina pakona, amakhala pansi pa mtengo wa mango. Anzanga anandichenjeza. Wapansi amamuyankha moni, wapagalimoto amamuyankha. Wapanjinga, ayi."

Ndinamaliza gudumu lake, ndinatsuka m'manja, ndipo mwezi usanathe ndinali m'ndege, njinga ili m'katoni.

Dziko limene ndinalisunga m'mutu analisintha ine kulibe, ndipo palibe anapepesa. Msewu anauthira phula. Mlatho ndi wina. Mabulugama a m'mbali anatha, m'malo mwake muli timagolosale ta maina a m'Baibulo. Akabaza ali panjinga zamoto, ndipo Mtsitsa amaukwera atakhala chammbali, akuyankhula pafoni. Chitunda chimene chinatsitsa abusa lero chimakwereka ndi munthu woti sadziwa n'komwe kuti pali chitunda.

Ndinayambira pamlatho m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Njinga yanga inali yopepuka moti mwana angainyamule ndi dzanja limodzi, koma miyendo inali ya nkhalamba. Kona yoyamba. Kona yachiwiri. Pakona yaikulu panalibe masamba, phula lokhalokha. Ndinapotoza chidendene, ndinatsika, ndinavula chipewa cholimba chija, n'kuyamba kuyenda. Nsapato zinkalira pamsewu ngati ziboda za mbuzi.

Pamthunzi panali akabaza atatu akudikira anthu.

"Madala, njinga yonseyi mwatsika?"

"Asiye, wawakana mtima."

"Bwerani tikukwezeni, bigi. Njingayo tiimangirira kumbuyo, palibe aone."

"Zovalazo ndiye za mpikisano, koma injini ndi ya chigayo chakale."

Pansi pa mtengo wa mango panali mayi wokalamba akutongola chimanga m'lichero. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkawakumbukirira, koma khosi linali lomwelija, lowongoka. Ndinaimika njinga, ndinakhala pansi chapatali.

"Achemwali."

Anapitiriza kutongola mpaka chitsononkho chitayera. Anachiika pambali.

"Mwatsika, bambo."

"Ndatsika."

"Chakutsitsani n'chiyani?"

"Masamba."

Anayang'ana pamsewu, kumunsi, kumtunda.

"Ine sindikuona masamba. Ndikuona munthu wamkulu wotopa. Apa amatsika ambiri. Dzana anatsika mzungu, anasanza pamenepo."

"Sindinatope, achemwali."

"Nanga ine ndidziwa bwanji? Tsiku lija munali ndi mphamvu, munapitirira. Lero mphamvu zatha, mwatsika. Ndiye mukufuna ndinene kuti zikomo kwa inu kapena kwa chitunda?"

Funso limeneli m'mabuku onse aja munalibe.

A Dolika anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anakoka nthambi ya mango yotsika, naipotoza mpaka inathyoka, kenako ina. Yoyamba anakaiyala pamsewu kumunsi kwa nyumba. Yachiwiri anapita nayo kumtunda. Akabaza aja analeka kuseka.

"Bwererani kumlatho," anatero osandiyang'ana. "Mukayambirenso. Ine ndili pompano."

Ndinatsetsereka. Pamlatho ndinaima pang'ono kumvetsera madzi, amene okha sanasinthe mawu. Ndinakoleka mapazi n'kuyamba.

Kukwera chitunda kachiwiri tsiku limodzi ndi nkhani ina. Pakona yoyamba mawondo anayamba kundifunsa mafunso. Pakona yachiwiri ndinaimirira, ndipo m'maso munayamba kuuluka tizinthu takuda. Ndinadziwa kuti ndikagwa ndisanafike pamasamba, kapena ndikafika ndikudzandira, a Dolika atola lichero lawo n'kulowa m'nyumba, ndipo akhala atalondola. Ndinayang'ana tayala lakutsogolo. Apongozi sindinawayang'ane. Phula, phula, mwala, phula. Pamene msewu umapumira, mpweya unabwerera pang'ono, ndipo ndinamva kuti m'miyendo mwatsala kanthu, kochepa, kokwana mwina kona imodzi. Ndinaponda mwamphamvu kuti aone. Njinga inathamanga. Pansi pa tayala panalowa masamba.

Ndinagwira mabuleki. Pachitunda, pokwera, chinthu chimene wanzeru sachita. Analira mokweza moti nkhuku zinabalalika. Chidendene chinati thwa, phazi linafika pansi.

Ndinavula chipewa n'kuyenda. Kutsogolo kwanga wakabaza wina amene ankachokera kumtunda anali atazimitsa injini, akukankha njinga yake, mayi amene anamunyamula akutsatira wapansi ndi dengu pamutu. Atatu aja anali ataimirira, zipewa zili m'manja. Panalibe nyimbo. Ndinayenda mtunda wonse wa pakati pa nthambi ziwirizo, umene tsiku lija unali waufupi kwambiri, mpaka ndinadutsa masamba achiwiri. Kenako ndinabwerera pamtengo paja.

Mmodzi wa akabaza, amene ananena za chigayo uja, anafika pafupi n'kunjuta.

"Pepani agogo, sitinamve. Watisiya ndani?"

"Amalume athu," anayankha a Dolika.

"Liti?"

"Kalekale. Koma wina wangofika kumene."

A Dolika anatola lichero lawo, nakutumula mankhusu pachitenje, n'kuyamba kulowera kunyumba. Atafika pakhonde anatembenuka.

"Iwe, njingayo ukaimike kuseri, pamene pankakhala ya amalume. Ndipo uvule ziboda zakozo, ukundikumbira pabwalo."

Ndinavula. Dothi linali lotentha.